Ndaponya fly maulendo 9 ku Gower osapha kanthu, kodi nyengo yatha?

Bambo wina wa ku Nkhotakota amene akukhala mumzinda wa Swansea ku Wales wandilembera motere:

"Achimwene, ine ndinakulira m'mbali mwa nyanja, mbedza ndinayamba kuponya ndisanayambe n'sukulu yomwe. Kuno ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Chaka chatha mnzanga wakuntchito anandiphunzitsa kuwedza nsomba za trout ndi fly, nyambo yochita kupanga ndi nthenga ija, padamu lina, ndipo zinandikoma moti ndinagula ndodo yangayanga ya 6 weight (nambala yosonyeza kulemera kwa chingwe chimene ndodoyo imaponya). Kuyambira Julayi mpaka pakati pa Ogasiti pano ndakhala ndikupita kugombe la Gower, kumadzulo kwa Swansea, kawirikawiri masana ndikadzuka kuchokera ku naiti. Ndapitako maulendo 9. Ndimalowa m'madzi mpaka m'chiuno n'kumaponya kutali mmene ndingathere, mpaka phewa kuwawa, koma palibe ngakhale imodzi yodyera. Tsiku lina fly inandikola chipewa. Tsiku linanso nditacheuka ndinapeza madzi azungulira kumbuyo kwanga, ndinawoloka akulekeza m'chifuwa. Mayi akunyumba akuti ndigulitse ndodoyo. Kodi nyengo yatha kale? Ndigule zida zina zodula? Kapena nsomba zam'nyanja yamchere sizidya nthenga?"

Achimwene, ndodoyo musagulitse, ndipo amayiwo muwapemphe akulezereni mtima mpaka kumapeto kwa Okutobala. Maulendo 9 obwera chimanjamanja si zachilendo kwa munthu amene wangochoka padamu n'kuyamba nyanja yamchere. Ine chaka changa choyamba ndinachita kusiya kuwerenga chifukwa cha manyazi. Nyengonso siinathe ayi, ikuyamba kumene. Nyanja imachedwa kufunda ndipo imachedwanso kuzizira. Dzuwa limakhala pamutu mu Juni ndi Julayi, koma madzi akwanuko amafunda kwenikweni kumapeto kwa Ogasiti ndi kumayambiriro kwa Sepitembala, pamene amafika madigiri 16 kapena 17. Tinsomba timene tinaswa chaka chomwechino pano takula ngati chala ndipo tadzaza m'magombe. Sandeel, kansomba kowonda kodzikwirira mumchenga kaja, kali mbwee. Bass, nsomba imene mukuisakayo ngakhale simunaitchule, ili kalikiliki kudya kuti inenepe isanatsikire kumadzi akuya kumene imakakhala nyengo yozizira ndi kukaswana. Sukulu zikangotsegulira mu Sepitembala osambira ndi agalu awo amachepanso. Masabata 8 ali kutsogoloku ndi amene ine ndimasungira masiku anga a holide.

Chimene chandiimitsa mutu m'kalata yanu si kusowa kwa nsomba koma madzi amene anakuzungulirani kumbuyo aja. Ndiyambira pamenepo, chifukwa zinthu ziwirizi gwero lake ndi limodzi: nyanja ya ku Gower mukuiwedza ngati ya kwathu.

Kwathu nyanja mumaipeza pamene munaisiya. Mukakocheza bwato pamchenga madzulo, m'mawa madzi akunyambita malo omwewo. Imakwera ndi mvula, imatsika m'chilimwe, mwapang'onopang'ono. Yamchereyi imadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku. Kuchoka pa kudzaza kumodzi kufika pa kwinako pamadutsa maola 12 ndi mphindi 25, choncho nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse: gombe limene munalipeza lodzaza 8 koloko Lolemba, Lachisanu pa ola lomwelo madzi ali kutali. Ndipo mwatsoka kapena mwamwayi, mukukhala pakamwa pa Bristol Channel, mkono wa nyanja wa pakati pa Wales ndi England, amodzi mwa malo amene madzi amakwera kwambiri padziko lonse. Ku Swansea, masiku ena madzi amasintha ndi mamita 9 pakati pa kuphwa ndi kudzaza, kutalika kwa nyumba ya nsanjika zitatu. Mukalowa mkati cha ku Avonmouth amapitirira mamita 12.

Woyendetsa zonsezi ndi mwezi, ndipo inu a ku Nkhotakota mwezi mumaudziwa kale. Asodzi a usipa amadikira mdima kuti nyali za siginala ziitane nsomba, mwezi ukawala amapumula. Kunonso mwezi ndiye bwana, kungoti amalamula mwanjira ina. Tsiku limodzi kapena awiri kuchokera pamene mwezi wakhala wathunthu, ngakhalenso pamene wafa, madzi amakwera kwambiri ndi kuphwa kwambiri. Azungu amati spring tide. Mwezi ukakhala theka, madzi amangosuntha mwaulesi, ndiye neap tide. Zimasinthana choncho masabata awiri alionse, ndipo ndandanda wake wa chaka chonse umapezeka pa intaneti komanso m'timabuku totchipa ta m'masitolo a zida zowedzera.

Madziwa sakwera mofanana maola onse 6 ayi. Amalinyero ali ndi kawerengedwe kosavuta. Gawani kukwera konseko m'magawo 12. Ola loyamba madzi amakwera gawo 1, lachiwiri magawo 2, lachitatu 3, lachinayi 3, lachisanu 2, lomaliza 1. Tsiku la mamita 9, ndiye kuti ola lachitatu lokha madzi amakwera mamita 2 ndi kota, kutanthauza masentimita pafupifupi 4 pa mphindi iliyonse. Mukatanganidwa mphindi 10 kumasula mfundo, madzi amene anali m'kakolo afika m'mawondo. Choipa chake n'chakuti sabwera chakutsogolo kokha. Amayamba kudzaza malo otsika, makwawa a mumchenga ndi mipata ya pakati pa miyala, ndipo ambiri mwa makwawa amenewa ali pakati pa inu ndi kumtunda. Ndi zimene zinakuchitikirani. Ndi zomwenso zinapha anthu oposa 20 ochokera ku China amene ankatola nkhono ku Morecambe Bay usiku wa 5 Febuluwale 2004. Pafupi nanu pompo, njira ya pamiyala yopita ku Worm's Head ku Rhossili imatseguka maola awiri ndi theka madzi asanaphwe kotheratu ndi maola ena awiri ndi theka pambuyo pake, ndipo chaka ndi chaka pamakhala anthu otsekeredwa kutsidya.

Tsopano mvetserani ichi: khwawa limene linafuna kukumizani lija ndiwo msewu wa bass. Inu munalipatsa nkhongo, nkhope n'kulozetsa kumadzi akuya kumene kulibe kanthu.

Bass ndi ncheni ya kuno. Siyendayenda chisawawa, imabisala pamene mweza ukudutsa n'kumadikira kuti madzi aibweretsere chakudya. Asodzi a chilimira kwathu saponya khoka paliponse, amadziwa pamene pali chirundu ndi mbali imene mweza ukuchokera. Nzeru yake ndi yomweyo, kungoti kuno chirundu chimaonekera poyera kawiri patsiku kuti muchione ndi maso. Madzi akayamba kukwera, nkhanu zimatuluka m'miyala, shrimp imavumbuluka mumchenga, tinsomba timakokedwa ndi mweza, ndipo bass imatsatira m'mphepete mwenimweni mwa madziwo, nthawi zina m'madzi osafika n'komwe m'mawondo. Malo amodzi amakhala ndi nsomba mphindi 20 kapena 40 zokha, kenako gulu lapita kutsogolo. Mukafika ola lolakwika mukhoza kuponya tsiku lonse pamalo abwino kwambiri, osaona ngakhale mamba.

Choncho ulendo wanu wotsatira ndodo muisiye kunyumba. Ndikudziwa kuti zikumveka ngati chipongwe kwa munthu wa masiku a ofu owerengeka, koma ulendo umenewu udzakupindulirani kuposa 9 aja. Ku Swansea zinagwirizana bwino ndi ntchito yanu ya naiti: masiku a spring tide madzi amaphwa kotheratu cha m'ma 1 kapena 2 koloko masana, nthawi imene inu mumadzukayo, ndipo amadzaza cha m'ma 7 kapena 8 koloko m'mawa ndi madzulo. Masana amenewo ndi oipa powedza koma ndi abwino pofufuza. Sankhani gombe limodzi lokha, kaya ndi Oxwich, Port Eynon kapena miyala ya pakati pa Langland ndi Caswell, muliyende madzi ataphwa. Onani pamene mwala ukukumana ndi mchenga, makwawa ndi kumene akutulukira, maiwe otsalira, kamtsinje kamene kakuthira m'nyanja, nsonga ya mwala imene madzi adzaizungulire. Tembenuzani miyala ingapo muone ngati pali nkhanu, n'kuibwezera mmene inalili. Jambulani ndi foni, ndipo chilichonse muchilumikize ndi chizindikiro cha kumtunda, monga nyumba yoyera kapena mpanda, chifukwa madzi akabwera zonse zidzafanana. Kenako khalani pamwamba, mutsegule fulasiki ya tiyi, muonerere madzi akulowa. Lembani kuti khwawa lakuti ladzaza patatha nthawi yakuti chiphwere madzi. Chiwerengero chimenecho ndiye chuma chanu, pakuti chimakuuzani nthawi yoponya ndi nthawi yothawa.

Zolowa m'madzi mpaka m'chiuno zija muzisiye kaye. Ndikuuzeni za m'mawa wina wa Sepitembala chakumadzulo kwa Port Eynon. Ndinafika kusanache, madzi atakwera maola awiri, ndinaima pamwala wouma pambali pa khwawa limene ndinali nditaliona dzulo lake. Ndikuvundukula chingwe ndinamva kuti phwa, ngati munthu waponya kamwala. Nditayang'anitsitsa ndinaona tinsomba tikuthamanga pamwamba pa madzi ngati mvula yowaza, ndipo kumbuyo kwake minga ya pamsana wa bass ili poyera, ikudula madzi pakati pa ndere. Kuchoka pa nsapato zanga sipanakwane mamita 6. Sindinaponye n'komwe zenizeni, ndinangogwetsa fly kumtunda kwa mweza, ndinakoka kawiri, chingwe chinangoti gwa. Ndikanakhala kuti ndinafika n'kulowa m'madzi mwachizolowezi, nsomba imeneyo ndikanaiponda. Kuyambira tsiku limenelo ndimaponya kasanu kapena kasanu ndi kamodzi mapazi ali pouma, choyamba motsatira gombe kumanzere ndi kumanja, ndipo ndikalowa sindipitirira m'mawondo pokhapokha pali chifukwa.

Kuwala nakonso n'kofunika. Dzuwa lili pamutu, madzi ali mbee, bass yaikulu siyandikira kumtunda. Ola la m'bandakucha ndi ola lomaliza dzuwa lisanalowe zimaposa masana onse, ndipo tsiku la mitambo ndi kamphepo kogwedeza madzi pang'ono limaposa tsiku lokongola lojambulitsa zithunzi. Pakati pa Sepitembala kwanuko dzuwa limatuluka itatsala pang'ono kukwana 7 koloko ndipo limalowa cha m'ma hafu pasiti 7 madzulo. Muone mmene zakhalira: masiku a spring tide, maola omaliza a kukwera kwa madzi amagwera m'bandakucha ndi m'chisisira momwe. Sindikukulangizani kuti muziweruka ku naiti n'kulunjika kumiyala tulo tili m'maso. Miyala yoterera ndi mutu wolemera siziyenderana, ngakhale msewu wa ku Gower wokha ndi wopapatiza mokwanira. Sankhani madzulo a tsiku la ofu mutagona bwino.

Za zida, ndalama musathamangire kutaya. Ndodo yanu ya 6 weight imapha bass zapakati ndi mackerel tsiku lopanda mphepo. Imene ambiri timagwiritsa ntchito ndi ya mafiti 9, 8 weight, osati chifukwa nsomba ndi zazikulu koma chifukwa cha mphepo ndi kulemera kwa fly. Mukhoza kuipeza yakale pamtengo wabwino nyengo ikatha. Musanagule ndodo, gulani zinthu zitatu izi: jekete yoyandamitsa ija yodzifufumitsa yokha ikagwa m'madzi, magalasi a polarised oteteza maso ndi kuonera pansi pa madzi, ndi beseni lotsukira mbale. Inde, beseni. Muliboole pansi mabowo angapo, mulowetsemo timapulasitiki tomangira mawaya tija kuti tiime ngati minga, mulimange m'chiuno ndi lamba. Chingwe chimene mukukoka chizigwera mmenemo, apo ayi chimakodwa m'ndere, m'miyala ndi m'miyendo yanu, ndipo theka la kuponya kwanu limathera pomwepo. Akusitolo amagulitsa lawo amati stripping basket, koma langa la kukhitchini latha zaka. Chingwe chikhale choyandama kapena chomira pang'onopang'ono cha intermediate, ndipo poguula muonetsetse kuti ndi cha madzi ozizira. Chopangira kotentha monga ku Seychelles chimauma ngati waya m'madzi a ku Wales. Kumapeto kwake mangani ulusi wosaoneka m'madzi wa fluorocarbon, wopirira kulemera kwa mapaundi 12 kapena 15, wotalika mamita awiri ndi theka, basi. Mukafika kunyumba tsukani zonse ndi madzi a pampopi, makamaka wilo yokulungira chingwe, chifukwa mchere sukhululuka.

Nthenga zimadyedwa, musakayike. Mumangofunika mitundu itatu kapena inayi. Woyamba ndi Clouser Minnow, imene Bob Clouser anaipanga m'zaka za m'ma 1980 kumtsinje wa Susquehanna ku America. Ili ndi timaso tachitsulo timene timaitembenuza kuti nsonga ya mbedza iziyang'ana kumwamba, choncho sikodwa msanga pansi, ndipo ikamakokedwa imadumpha ngati kansomba kovulala. Tengani yoyera ndi yobiriwira mowala, ina yoyera ndi yobiriwira moderako, pa mbedza ya nambala 2 kapena 4. Wachiwiri ndi Deceiver ya Lefty Kreh, yopanda chitsulo, ya m'madzi osaya ndi pamwamba pa ndere. Wachitatu ndi Gurgler ya Jack Gartside, yoyandama, yochita phokoso pamwamba. Imeneyi m'chisisira madzi ali bata imapangitsa mtima kulumpha, pakuti nsomba mumaiona ikuphulika pansi pake. Zosankha zikhale zowonda, zoti mukaziyang'anitsa kudzuwa muziona kuwala kudutsa. Zambiri za m'sitolo amazinenepetsa kuti zikope ogula. Ngati mukuona tinsomba m'madzi, fananitsani kutalika kwake, mtundu ubwere pambuyo.

Pali chizolowezi cha padamu chimene chidzakutayitsani nsomba yoyamba. Trout ikadya mumakweza ndodo. Bass ikadya musakweze. Nsonga ya ndodo ikhale pansi, yoloza kumene kuli fly, ndipo mukamva kulemera kokani chingwe mwamphamvu ndi dzanja lamanzere, kenako ndiye mukweze. Pakamwa pake ndi polimba, ndodo yofewa siilowetsa mbedza. Ndiponso pamene pali mweza musalimbane ndi kukoka mothamanga. Ponyani modutsa mwezawo, mulole madzi aitenge fly ngati kansomba kolephera kusambira, muzingoigwedeza apa ndi apo. Nthawi zambiri imadyedwa pamene chingwe chikuwongoka kumapeto.

Fly imene inakukolani chipewa ija si ngozi yongochitika. Magombe ambiri a Gower amayang'ana kum'mwera, ndipo mphepo ya kuno kawirikawiri imachokera kum'mwera chakumadzulo. Munthu woponya ndi dzanja lamanja akayang'ana kunyanja, mphepoyo imamuomba kuphewa lamanja n'kumakankhira chingwe kumutu kwake. Clouser ikamathamanga ili ngati mwala wa legeni. Mankhwala ake ndi kutembenuka, nyanja muipatse msana, muponye ngati mukuponyera kumtunda koma chingwe muchimasule pobwerera kumbuyo. Zimaoneka zoseketsa koma zimagwira. Kapena samukani: Oxwich amayang'ana chakum'mawa ndipo phiri la kunsonga kwake limatchinga mphepo ya kumadzulo. Kanyanga ka mbedza kaja mukaphwanye ndi pulayala musanamange fly iliyonse. Ikakulowani pachala idzatuluka mosavuta. Ikalowa m'diso, pachikope, kapena mozama pafupi ndi mfundo ya chala, musaikoke, dulani chingwe, phimbani, pitani kuchipatala cha zangozi, ku A&E.

Phewa likuwawalo likundiuza kuti mukuponya ndi mphamvu. Chingwe cha fly chimapita ndi nthawi yake, osati ndi minofu, ndipo pali kakokedwe ka dzanja lamanzere kotchedwa double haul kamene kamachotsa ntchito paphewa. Kuphunzira nokha pa YouTube n'kotheka koma zolakwa zanu simudziona. Apa ndiye pamene ndalama imagwira ntchito: maola awiri ndi mphunzitsi wovomerezeka, monga a bungwe la aphunzitsi a kuwedza la GAIA, amaposa ndodo yatsopano. Ululuwo ukapitirira masabata awiri mutapuma, kapena ukamakudzutsani usiku, kaonaneni ndi GP, dokotala wa m'dera lanu, pajatu ntchito yanu yonyamula okalamba imadalira phewa lomwelo.

Masiku ena vuto simuli inu. Bristol Channel ndi yamatope mwachibadwa, ndipo mphepo ikaomba masiku awiri madzi amasanduka ngati thobwa. Lamulo langa ndi ili: ndikaima m'madzi a m'mawondo osaona nsapato zanga, fly ivutika. Mukhoza kuyesa yakuda, yokulirapo, koma kunena zoona tsiku lotero ndi la nyambo yeniyeni kapena lochapa zovala. Dikirani masiku awiri kapena atatu mphepo italeka, madzi akamayamba kuyera koma asanayeretsetse, pamenepo bass imadya mosaopa. Mukamapita chakumadzulo kwa Gower madzi amayera kuposa a mu Swansea Bay.

Si bass yokha imene ili m'madzimo miyezi ino. Mackerel imabwera m'magulu madzulo a bata madzi atadzaza, pafupi ndi miyala yakuya, ndipo pa ndodo yanu ya 6 weight imakoka mosayenerana ndi msinkhu wake. Mukaona mbalame zikugwa m'madzi pamalo amodzi ndipo pamwamba pakuwira, thamangirani komweko ndi fly yaing'ono yonyezimira. Imeneyi ndiyo ndiwo yoti mukatsekere pakamwa amayi. Palinso garfish ya mlomo wautali ndi mafupa obiriwira, ndi pollack imene imabisala m'ndere zazitali n'kuthawira momwemo ikangokodwa. Mullet ndiye ndikuchenjezeni. Mudzaziona zazikuluzikulu zikusambira mwaulesi pamapazi anu, mudzaponya Clouser kambirimbiri, sizidzacheuka n'komwe. Zimadya tizilombo ting'onoting'ono, zimafuna fly ya shrimp ya nambala 10 kapena 12 yongoyandama ndi madzi, kapena yofanana ndi mphutsi pamene madzi aakulu akukokolola ndere zowola za kumtunda. Zinapengetsapo anthu anzeru zawo. Muzisiye mpaka chaka chamawa.

Kumbali ya malamulo, kuwedza nsomba zam'nyanja ndi ndodo sikufuna laisensi ku Wales ndi ku England. Koma sea trout, imene a ku Wales amati sewin, pamodzi ndi salmon, zimafuna laisensi ngakhale muli pamathiriro a mtsinje, choncho ikakodwa mwangozi ibwezeni. Bass yosakwana masentimita 42 ndi yobweza, ndipo kugulitsa imene mwapha ndi ndodo yachisangalalo n'koletsedwa. Mu 2024 munthu ankaloledwa kutenga ziwiri zokha patsiku, ndipo mu Febuluwale ndi Malichi zonse zinali zobweza. Chiwerengerochi amachiunika chaka ndi chaka, ndiye onani pa webusaiti ya boma la Wales musanapite. Ikani chizindikiro cha masentimita 42 pa ndodo ndi tepi. Zambiri zimene mudzaphe poyamba zidzakhala zochepera apo, ndipo ndikudziwa mmene zimawawira mwana wa kunyanja kubweza nsomba yokwana mbale. Koma bass imakula mochedwa, ya msinkhu umenewo yatha zaka 5 kapena kuposa, ndipo yaikazi imakhala ikungoyamba kumene kuikira mazira. Ife tinaona ndi maso athu mmene chambo chinatheramo ku Malombe. Poigwira nyowetsani manja, musamale minga ya pamsana ndi m'mbali mwa makha ake, pamacheka ngati lezala.

Kwathu tikamawedza tinkayang'ana ng'ona ndi mvuu. Kuno kulibe, n'chifukwa chake munthu amatayirira. Jekete ija muzivala nthawi zonse, ngakhale kusambira mumakutha kuyambira muli mwana, chifukwa madzi ozizira amabanikitsa mpweya mphindi yoyamba ndipo wader, buluku lolowera m'madzi lija, ikadzaza madzi simungakwere nayo pamwala. Mangani lamba wolimba pamwamba pa wader, nsapato zikhale za misomali pansi. Mukagwa, a RNLI, bungwe la maboti opulumutsa anthu panyanja, amaphunzitsa kuti musalimbane ndi madzi: gonani chagada, makutu m'madzi, tambasulani manja ndi miyendo mpaka mpweya ubwerere. Foni ikhale m'kathumba kosalowa madzi, pachifuwa osati m'galimoto. Mukaona kuti madzi akutsekerezani, bwererani pamalo okwera, imbani 999, nambala ya zangozi, n'kupempha Coastguard, opulumutsa anthu m'magombe, nthawi yomweyo, musadikire kuti zifike poipa chifukwa cha manyazi, ndipo zowoloka akulekeza m'chifuwa zija musadzabwerezenso. Amayi muziwauza gombe limene mwapita ndi ola lobwerera. Mu Sepitembala ndi Okutobala mikuntho ya kutali m'nyanja ya Atlantic imatumiza mafunde aatali amene amafika ngakhale tsiku lopanda mphepo. Musanatsike pamwala khalani mphindi 15 mukuonerera, ndipo ngati pamwamba pake ndi ponyowa pamene mvula siinagwe, funde lafikapo kale. Three Cliffs Bay ndi yokongola koma mweza wake wapha anthu, musalowemo m'madzi. Usiku, ngakhale kuti bass zazikulu zimadya usiku, musayambe nokha chaka chino.

Kachinthu kenanso ka mumchenga ndi weever, kansomba kakang'ono kodzikwirira, ka minga yakuda yaululu pamsana. Kamabaya oyenda opanda nsapato, ndiponso kamadya fly yaing'ono, ndiye kansomba kalikonse kofiirira kamene simukukadziwa musakagwire ndi dzanja. Kakakubayani viikani m'madzi otentha mmene mungapirire kwa mphindi 30. Pakatupa kwambiri kapena munga ukatsalira imbani 111, nambala ya uphungu wa zaumoyo, koma mukayamba kubanika kapena kuchita chizungulire imbani 999.

Mukayenda maulendo ena 5 kapena 6 pa nthawi yoyenera, madzi oyera, koma osaona ngakhale nsomba yotsatira fly, pamenepo lipirani munthu wodziwa gombelo akuperekezeni tsiku limodzi, kapena lowani kalabu ya asodzi ya m'dera lanu. Malo awo enieni sadzakuuzani, asodzi ndi amodzi kulikonse, koma mukawafunsa kuti gombe lakuti limadya madzi akamakwera kapena akamaphwa, ambiri amayankha.

Tsegulani ndandanda wa madzi wa Mumbles Head, pafupi ndi Swansea, lero lomwe, mupeze spring tide yotsatira. Tsiku loyamba masana mukayendere gombe muli manja m'thumba. Tsiku lachiwiri mukafike maola atatu madzi asanadzaze madzulo, muime pouma pambali pa khwawa lija, njira yothawira ili kumbuyo kwanu, Clouser yoyera ndi yobiriwira ili kunsonga. Mukabwerako mundilembere kuti khwawalo linadzaza nthawi yanji ndiponso munaona chiyani m'madzimo, ngakhale beseni litabwera lopanda mamba.